Zala Ziwiri za Madzi

Aikankha anthu asanu kuchokera pamsika wa Lizulu
mpaka pansi pa bulugamu wanga,
pikapu yoyera yothyoka m'chiuno ndi matumba a kachewere,
nkhungu ya Juni isanang'ambike.
Zakeyo Kamtedza akupuma ngati injiniyo ndi iyeyo.
"Dzulo lomweli imauluka," akutero,
"ndi batire basi, a Nasibeko, batire."

Aliyense amafika pano atadziombezera kale ula.
Ine sinditsutsa. Ndimatsegula boneti.

Pindani kiyi. Ayi, dikirani kanyali kazime,
mapulagi atenthe kaye, kuno si ku Nchalo.
Yatsokomola. Yagwira.
Ikunjenjemera ngati mwana wa malungo,
utsi woyera, wowawa m'maso,
osati wakuda uja wa fyuluta yotsamwa fumbi,
osati wabuluu wa oyilo wolowa posaitanidwa.

Ndagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa injekita,
chogwirira chake kukhutu,
momwe ankachitira a Jasi ku Biriwiri
phokoso lisanawadye makutu.
M'katimo muli ng'oma zinayi.
Zitatu zikumvana,
yachitatu kuchokera kutsogolo ikuponda mochedwa.

"Dizilo munathira kuti?"
"Papampu, ku Dedza."
Maso ali pa matayala.

Ndamasula kabawuti ka pansi pa fyuluta,
ndatchera botolo.
Tikhale pansi, a Kamtedza, mlandu uweruzidwe ndi galasi.
Dizilo wayandama pamwamba, wofiirira ngati tiyi wapamaliro,
pansi pakhazikika madzi, zala ziwiri zathunthu,
ndipo kafungo ka palafini katuluka pang'onopang'ono
ngati wangongole amene amabisala kuseri kwa chitseko.

Wavula chipewa, wachivalanso.
"Mapampu anauma masiku anayi, mayi.
Panali mnyamata wa zigubu kutsidya kwa msewu,
analumbira pali mayi ake."

Sindikuseka.
Pamwamba pa matumba pakhala amayi atatu, eni kachewereyu,
zitenje zokulunga mpaka m'makutu,
aliyense akuwerengera chamumtima ngongole ya feteleza
ndi mtengo wa ku Lilongwe umene umagwa dzuwa likakwera.
Mmodzi wafunsa, "Tinyamuka lero?"
Wafunsa ine, osati dalaivala.

Ndalowa kunsi, msana pa katoni yonyowa.
Thanki yakhuthulira m'beseni zonse zimene inamwetsedwa.
Kuzizira kwaluma zala, sipanala yaterereka,
khungu la pachala chachikulu latsala pa bawuti.
Fyuluta yatsopano, yomaliza m'bokosi langa.
Ndiye kupopa, chala pa kapampu,
thovu, thovu, thovu,
mpweya wonse utuluke m'mitsempha,
thovu,
mpaka dizilo yekhayekha, woyera, wopanda mawu.

Pindaninso.
Yakana. Yakananso. Kachitatu yavomera
ndi mawu a pakhosi, okhuthala,
mpaka mmodzi wa amayi aja waombera m'manja osadziwa.

"Mukafika," ndamuuza, "koma injekita ija yalawa madzi.
Makina oyezera ine ndilibe, sindikunamizani.
Mukatsitsa katundu mukaipimitse.
Mukaizengereza idzakudyerani pisitoni."
Wagwedeza mutu mofulumira kwambiri.
Kugwedeza kotereku ndimakudziwa,
tidzaonananso mwezi usanathe.

Ndalama zakwana theka.
Theka linalo ndi ndowa ya kachewere
imene amayi aja atapa m'thumba la pamwamba, osakangana.

Botolo lija ndaliika pashelefu, pambali pa anzake.
Ndi lachisanu ndi chinayi chaka chino.
Loyambalo, lakumanzere,
ndinalitchera pansi pa galimoto ya bambo a kunyumba kwanga,
iwonso anati papampu.

Ndasamba m'manja ndi mchenga ndi sopo,
koma m'zikhadabo usiku sumachoka.
Ndaima pamsewu, khutu cha ku Bembeke.
Nkhungu yameza kale boneti, matumba, zitenje,
chatsala ndi ng'oma zija pachitunda,
imodzi, ziwiri, zitatu,
ndipo inayo, mochedwa pang'ono,
ikutsatira.