Netiweki ya pa Chulu

Netiweki imagwira pa chulu chokha,
kuseri kwa munda wa tiyi, mbali ya ku Makwasa,
ndiye madzulo aliwonse ndimakwerapo,
foni m'mwamba ngati wopempha mvula.
Lero zithunzi zabwera zisanu ndi ziwiri.

Choyamba ndi iwe Elube, m'jekete lokukulira,
kumbuyo kwako tchalitchi cha nsanja ziwiri
chimene wati amisiri ake anafa asanachione chitatha.
Chathu chija tinayamba uli folomu wani,
mawindo ake mpaka lero ndi njerwa zongosanja.

Chachiwiri mtsinje, maboti oyaka nyale.
Chachitatu chipale chofewa m'dzanja mwako,
pansi walemba: achimwene, chimaluma ngati khala la moto.
Chachinayi laibulale, mabuku mpaka kudenga,
mutu wako wokha wakuda bii
pakati pa tsitsi longa ndevu za chimanga.

Chachisanu ndiye ndachikulitsa ndi zala.
Loweruka lililonse, wati, umapita kunyumba ya okalamba.
Salipira, ndi ntchito yongodzipereka,
koma akuti idzalembedwa pa satifiketi.
Wagwada. Ukuwenga zikhadabo za agogo Gelituludi,
phazi lawo loyera lili pathawulo, pabondo pako,
ndipo ukuseka, mano onse pamtunda,
monga tsiku lija dzina lako linatuluka m'nyuzipepala
ife n'kuiyendetsa khomo ndi khomo mpaka inang'ambika.

Ndatsika pachulu mwakachetechete.

Bambo ali pakhonde pomwe ndinawasiya,
dzanja lamanja lili gone pantchafu ngati si lawo.
Dzanja lomwe lija, Elube,
linathyola tiyi zaka makumi atatu,
dengu kumsana, chiperoni m'mafupa,
kuti iwe upeze yunifolomu ndi palafini wowerengera.
Zikhadabo zawo ndimawenga ndine, ndi lezala,
Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.
Palibe amajambula.

Sindikudandaula ayi.
Kapena ndikudandaula pang'ono, ngati kamwala m'nsapato.
Ndalama unatumiza mwezi watha inagula matewera ndi mafuta opaka,
yotsala ndinalipira njinga yamoto ya ku Malamulo,
ine kumbuyo, bambo pakati, kuwagwira ngati mwana.
Ndikudziwanso kuti usiku umatsuka mapoto ku lesitilanti
mpaka zala kuchita makwinya.
Zimenezo zithunzi zake sutumiza.

Ndawaonetsa foni.
Tchalitchi angodutsa, mtsinje angodutsa,
chipale chija achiyesa ufa,
koma pa agogo aja aima.
Pakamwa pawo popotoka paja patuluka mawu
oti ndachita kuwerama kuti ndimve:
"Ana awo a mayiwa ali kuti?"

Ndasowa choyankha.
Kumsewu thirakitala ya esiteti imadutsa ndi masamba omaliza,
ndayang'ana kumeneko.

Kenako ati, "Umuuze asamawenge kwambiri m'mbali,
zimalowa m'mnofu."
Aseka okha, dovu latsika, ndawapukuta ndi kansalu.
Apempha kuti ndiwabwezere pankhope pako,
chala chakumanzere chakusisita patsaya,
chithunzi n'kuthawa, n'kubwera chachisanu ndi chimodzi:
iwe pasiteshoni ya sitima, wekha,
sukuseka, sunadziwe kuti akukujambula.
Maso akowo ndi a mayi
tsiku lomwe ankawerenga makobidi a fizi pamphasa.

Chachisanu ndi chiwiri sichinatseguke.
Bandulo yatha, kamkombero kakungozungulira
pamwamba pa mdima wosaoneka mutu wake.
Bambo akuti mwina ndi ndege yobwerera.
Ine ndikuti mwina ndi tchalitchi china.

Mawa ndikagulitsa mapeyala ku Luchenza
ndigula mayunitsi, ndikweranso pachulu.
Usanatumize china, landira changa:
phazi la bambo pabondo panga,
chidendene chong'aluka ngati dothi la mu Okutobala.
Chapendekeka pang'ono, usadabwe,
ajambula okha ndi dzanja lamanzere.