Madontho Ofiira

Ku Apgujeong, pansanjika yachisanu ndi chinayi,
ntchito yanga ndi kuyatsa makina
oona pamene maso a munthu amatera.
Timaitana ophunzira makumi anayi, kuwapatsa khofi,
kuwaonetsa nkhope kwa kanthawi kosakwana kuphethira,
ndiye pagalasi pamatuluka madontho ofiira
ngati nkhunda zajompha pomwe patayikira mpunga.

Dokotala Pyo amati ubongo suchedwa kuweruza.
Usanaganize n'komwe, mlandu watha kale:
mbali ziwiri zikafanana, kanthu kena m'mutumu kamasekerera,
khungu likasalala, diso limapuma.
Amanena izi uku akujambula ndi cholembera chobiriwira
pamasaya a munthu wogona chagada.

Lachitatu kunabwera Ok Seon-hwa,
wogulitsa inshuwalansi.
Akamwetulira, mlomo umakwera kumanzere kokha,
kumanja kumatsalira ngati kukudikira basi ina.
Madontho onse anaunjikana pamenepo.
"Mwaona," anatero dokotala, "apa ndiye akupunthwapo.
Jakisoni mmodzi, mamilimita awiri basi."

Anali ndi mwana wake, Du-ri, wa zaka zisanu,
poti anasowa womusiyira.
Kamnyamatako kanakwera pampando wa makina kosapempha.
Ine ndinangokaleka.
Chithunzi cha mayi ake chitatuluka,
dontho lake linathamangira pakona yomweyo ya mlomo
n'kukhala phee,
kenako kanaseka,
kamlomo kake nako n'kukwera kumanzere.

Makinawa sasiyanitsa
diso lopunthwa ndi diso lofika kwawo.
Madontho onse ndi ofiira.
Mawu anafika pakhosi, ndinawameza.
Ndine woyatsa makina chabe,
ndipo lendi ya mwezi uno sindinalipire.

Seon-hwa anasaina. Mphindi khumi ndi ziwiri, zatha.

Patapita milungu itatu anabweranso,
nkhope yolingana ngati mbale ziwiri za sikelo.
Ophunzira anamupatsa malikisi okwera.
Makasitomala achuluka, anatero mwini wake,
usiku akugona tulo tabwino.
Ndisaname, anali atakongola.

Du-ri anaima pakhomo atakumbatira chikwama cha mayi ake.
Kunja chipale chinali chitayamba kugwa.
Ndinamuona akuwayang'ana kumaso pamene ankaseka,
diso likuyendayenda,
mphuno, chibwano, nsidze, mphuno kachiwiri,
ngati munthu wotsika sitima pasiteshoni yolakwika
amene akufunafuna chikwangwani.