Makamera Atatu a Bambo Kaphaizi

Pakhonde la sitolo ku Chipoka
a Kaphaizi ayala makamera atatu pachitenje.
Yoyamba ikunyezimira, mtengo wake mbuzi ziwiri.
Inayo galasi lachita nkhungu
ngati diso la mwiniwake.
Yachitatu ndi yokalikakalika,
lamba wake chingwe cha nsapato.

"Suzumira. Ukuona anthu awiri?
Zungulitsa apa pang'onopang'ono
mpaka akhale mmodzi."

Ndaloza mlongo wanga Nachisale, akusenda chinangwa.
Alidi awiri.
Akusenderana, akumana,
ndi yemweyo, ndi kachipsera kake pachibwano.

Ndawerenga ndalama zanga za thonje. Zaperewera.
Aseka, alandira.
"Filimu ukaisake ku Lilongwe, mwanawe.
Ikatha yatha, ilibe chofufutira.
Uziyamba wapenyetsetsa, kenaka chala."