Oseka Kuseri kwa Galasi

Mzere wathu wonse wa nyumba za khonsolo ku Chilenje
tivi inali imodzi, ya a Enelesi Njobvu,
yofunda kansalu koluka ngati ikumva chisanu.
Seveni ikakwana, a nsapato ankavula pakhomo,
enafe tinkangopukuta mapazi pachiguduli.
Mlongo wanga Tiyese padenga, kupotokola eriyo,
ife pansi: Bwerera pang'ono! Apo! Usapume!

Amereka ankafika ali waawaa ngati mpunga wotayika,
koma a Enelesi ankamuona bwinobwino.
Ankadziwa kuti mayi wa zipewa uja wakwatiwa kasanu,
kawiri ndi mwamuna mmodzi yemweyo.
Kuti dokotala amene anagwa ndi ndege dzinja latha
wabwerera ndi mphuno yaifupi ndi mawu ena,
mkazi wake osafunsa n'komwe.
Kuti kamwana kanakwera masitepe kali ndi thewera
n'kutsika sabata yotsatira katamera ndevu.
Wanyamula dengu la zochapa uyo muoneni bwino, ankatero,
ali ndi pakati penipeni, akungotibisira.

Nyimbo yotsekera ikalira, mayeso.
Galu wa banja lija dzina lake ndani?
Pampando wa pabalaza pamakhala angati?
Ndani sanaonetsepo nkhope, timangomumva pafoni?
Wokhoza, chitumbuwa.
Wolephera, mawa ndiwe wa padenga.
Ine samu ndinkalakwa, izi ayi.
Ndinkawerenganso zanga mumtima:
mbale zimene ankazisiya zodzaza patebulo
n'kuthamangira kukakangana kuchipinda.

Funso limodzi lokha linawagonjetsa.
Tiyese ndiye anafunsa, atatsika ndi dzimbiri m'manja:
Nanga osekawo ndani?
Munthu akangolowa pakhomo, gulu lonse kwakwakwa,
koma sitinaonepo dzino la mmodzi.
A Enelesi anakonza duku.
Ndi anansi awo, anatero, nawonso alibe tivi.

Dzana ndinakwera minibasi ya ku Mtendere
kumene akuwasunga kwa mdzukulu.
Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa.
Pakhoma pali galasi lalikulu, lopyapyala ngati kalendala,
lakuda bii.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Anandiitana kuti nesi, kenako dzina la mng'ono wawo
amene tinamuika ku Chingwere ndili sitandade sikisi.
Ndinatchula Chilenje. Zii.
Ndinatchula Tiyese, kuti anatisiya.
Anangosalaza bulangete.

Ndiye ndinanama dala:
Mayi wa zipewa uja, paja anakwatiwa katatu?

Kasanu, iwe!
Chala m'mwamba, maso ngwee,
kawiri ndi chitsiru chomwe chija cha jekete yoyera.
Kodi unkaonera ndi makutu?

Mdzukulu anaseka kukhitchini kumene sitinkamuona,
ndi wina kuseri kwa mpanda, sindikudziwa ankaseka chiyani.
A Enelesi anatchera khutu.
Wawamva? anandinong'oneza. Yayamba.
Sendera, ukutchinga.