Makilo Khumi ndi Asanu

Kalata idati: makilo khumi ndi asanu kumsana,
makilomita asanu ndi atatu, wotchi ili m'manja mwa eni ntchito.
Mbawemi adaiwerenga kawiri n'kutembenukira kwa ine,
telala wa pakhonde ku Chiputula.

"Adada, mundisokere katundu."

Zaka makumi atatu ndakhala ndikupeputsa anthu,
kubweza chiuno, kudula miyendo ya mathalauza a kaunjika.
Lero mwana wanga akuti ndimulemetse
kuti akalondere njovu kunkhalango.

Ndidang'amba majinzi awiri omwe eni ake sadabwere kudzawombola.
Matumba asanu ndi limodzi, msoko wobwereza katatu,
singano ziwiri zidathyokera momwemo.
Malamba ndidasomola pa chikwama chake cha kusekondale,
chija chidasenza mabuku zaka zinayi
osabwera ndi ntchito.

Mchenga tidakatapa ku Lunyangwa
n'kuuyanika pa lata,
koma dzuwa la Juni kuno ndi mlendo wamanyazi,
limangosuzumira n'kubwerera.
Tidauthira m'mapepala a shuga, kumanga ndi malegeni,
ulendo kwa Chavula, wogula nyemba ku Zigwagwa.
Adapachika pa sikelo yake, muvi udanjenjemera, udaima.
"Fifitini ndendende, abwana."

Folo koloko m'mawa chitseko chimalira.
Chifunga chili mbuu, agalu okha ndiwo mboni,
iye uyo, kutsetsereka, kudutsa pa Katoto,
kukwera mpaka mitengo ya Kaning'ina itayamba kununkhira.
Akabaza ankamukuwa: "Tikunyamuleni, asisi, ndi ufa wanuwo!"
Sankayankha. Mpweya adausungira chitunda.

Sabata yoyamba malamba adamudya mapewa,
ndidang'amba matiresi anga kuikapo siponji.
Sabata yachitatu thumba lam'munsi lidaphulika,
adafika wopepuka, wokwiya,
ndipo ine popita kukagula ulusi
ndidatsata kamzere ka mchenga m'mphepete mwa tala,
msoko wa mwana wanga pa nsalu ya mzinda.

Koma wotchi inkakana.
Tsiku lililonse mphindi zinayi zinkamuthawa.
Adasiya tiyi wa shuga, adasintha nsapato,
usiku wina ndidamumva akufwenthera kuseri kwa bafa.

Azakhali ake, amene amakolopa kuchipatala cha Mapale,
adati bweretsani kuno chinthucho.
Adachikhazika pa sikelo ya amayi oyembekezera.
Khumi ndi asanu ndi anayi.
Adachitsitsa, adachikwezanso. Chimodzimodzi.

Ndidakhala pansi.
Sikelo ya Chavula imameza makilo anayi!
Ndidaganiza za mlongo wanga wa ku Ekwendeni
amene chaka ndi chaka amatula nyemba zake pamenepo
n'kumathokoza ndi manja awiri.

Ndidatenga sizasi kuti ndichotse mchenga wakubawo.
Mbawemi adandigwira dzanja.
"Usiyeni. Msana udauzolowera kale."

Tsiku la mayeso ndidaima kunja kwa mpanda,
tepi ili m'khosi, ndidaiwala kuivula.
Anyamata ndi atsikana mazana, nambala pachifuwa,
ena atavala nsapato zobwereka.
Adamupatsa chikwama chawo chobiriwira.
Adachinyamula, adachigwedeza,
adandifunafuna ndi maso pakati pa anthu
n'kuseka, mano onse pamtunda.

Adafika wachisanu ndi chiwiri.
Akuti mayina atuluka mwezi wamawa,
kapena winawo, boma silithamanga ndi wotchi.

Katundu uja tsopano amatchinga chitseko
kuti mphepo ya mwera isamachimenyetse.
Ndikamaponda makina ndimamuyang'ana,
misoko yanga idakali nji.
Chavula ndimamudutsa osamupatsa moni.
Dzulo adandikuwira, "Mwana uja zidayenda?"
Ndidaima kanthawi, mawu awiri akulimbana pakhosi,
lina lotukwana, lina lothokoza,
ndipo ndidangokonza tepi m'khosi n'kupitirira.