Usiku Wowerengera ku Duluth, 1955

Mayi Rautio anafika pa basi ya m'mawa,
chipale chili mbee pamapewa a jasi lawo,
nkhope ngati kandulo yosayatsa,
lilime losalala, lofiira psuu,
mapazi achita dzanzi mpaka osadziwa
ngati avala nsapato kapena ayi.
Ndimadya ine, anatero, ndimadya ngati wonyamula chitsulo padoko,
chiwindi, mazira, nsomba zamchere.
Koma chakudya chinkadutsa mwa iwo
ngati mlendo wopita osapereka moni.

Dokotala Brekke anati: vitamini ameneyu saoneka,
ndiye timumanga belu m'khosi.
Belulo linali kobalti,
kochepa kuposa fumbi la paphiko la njenjete.

Ndinawapatsa m'kapu ya pepala.
Anayang'ana madziwo, opanda mtundu, opanda fungo.
Kodi ndi atomu ija inapsereza mizinda ku Japan?
Ndinati ndi m'bale wake wapatali.
Ndiye ndiziwala usiku? Toivo apumako kulipira magetsi.
Anaseka, namwa,
napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.
Sanafunsenso. Ine sindinawonjezere,
poti zomwe ndinkadziwa zinathera pomwepo.

Jakisoni pamkono.
Kenako mkodzo wa tsiku lathunthu
m'botolo lofiirira, dzina lawo pachivindikiro.

Usiku m'chipinda chapansi, pafupi ndi mapaipi otentha,
ndinaika botolo pamakina, kuseri kwa njerwa za mtovu.
Belu likawoloka khoma la matumbo
limalowa m'magazi, limatsikira ku impso,
lidzalira muno.
Ndinatchera khutu.

Ke.
Zii.
Ke.

Kulira komwe makina amalira ngakhale alibe kanthu,
kwa miyala, kwa thambo, kwa wotchi yanga.
Belu linapita njira ina, chitseko chili chotseka.

Sabata yotsatira tinabwereza,
koma m'kapumo tinathiramo ufa wa chifu cha nkhumba.
Uwu ndiye ukununkha, anatero,
bola atomu yanu ija.

Ndinakhala pampando womwewo, khofi atazizira.
Ke. Ke ke.
Kenako ngati chimanga chothetheka m'chiwaya,
ngati matalala pamalata,
singano ikunjenjemera, manambala akuthamangitsana,
ine ndikulemba mpaka pensulo kuthyoka.
Matumbo analibe mlandu.
Chifu chawo n'chomwe chinaleka kutumiza mperekezi,
ndipo vitamini wopanda mperekezi salowa.

Ndinafuna kuuza wina.
Panali mlonda yekha, akugona, nyuzi pankhope.

Pofika Meyi masaya anayamba kubwerera.
Jakisoni mwezi uliwonse, moyo wonse.
Dzanzi la kumapazi silinathe lonse,
ankatsika masitepe atagwira khoma.
Anandibweretsera buledi wakuda wokutidwa m'nsalu
nafunsa: munamva chiyani kwenikweni m'kati mwangamu?

Ndinati manambala.
Sindinanene kuti usiku wachiwiri uja,
nditamaliza kulemba, sindinazimitse makina.
Ndinakhala chete mpaka mbandakucha
kumvetsera mkodzo wa munthu ukulankhula.