Mapazi Khumi

Dotolo Ermelinda anamanga mfundo yomaliza pa mwendo wako,
nasamba m'manja mu ndowa yanga, nati:
"Masabata asanu ndi limodzi, a Bonifasiyo. Asatuluke.
Akathamanga n'kudula ulusiwu
musadzaitane ine, mudzaitane wamfuti."
Galimoto yake inalowera msewu wa ku Tete,
ine n'kutsala nawe, Kamvuluvulu,
kavalo wa zaka ziwiri
m'khola loti ukatembenuka mchira umasesa khoma.

Ndinatola khala, n'kulemba kamzere koyamba.

M'mawa wa kuno ku Ulongwe, chisanu chikadali pa udzu,
anzako amatsikira kudambo.
Umawamva. Makutu njo!
Kenako chitseko: gu! gu! gu!
Thabwa lam'munsi walithyola kawiri,
lam'mwamba ukulitafuna ngati nzimbe.

Ndinakuchotsera madeya, akuti amawiritsa magazi,
unandiyang'ana ngati ndakudula malipiro.
Udzu wouma ndimaupanikiza mu ukonde wakale
kuti uzisolola umodziumodzi, tsiku lifupike.
Ndinapachika chigubu chokhala ndi timiyala:
unasewera nacho mpaka masana, n'kuchiphwanya.
Ndinabwereka mbuzi kwa a Nachisale kuti izikuchezetsa.
Usiku wachitatu inadya bandeji.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi
unandiluma paphewa.
Ndinakweza dzanja.
Linakhala m'mwamba momwemo, likunjenjemera,
mpaka linatsika lokha.

Pakuti ndikukudziwa, iwe.
Ku Moatize, chaka chomwe chitsulo cha ngolo ya malasha
chinanditswanya ntchafu,
ndinagona miyezi itatu mwendo uli m'chikhakha,
ndikuwerenga madontho a dzimbiri kudenga.
Ndinatukwana namwino wondibweretsera phala.
Mkazi wanga, atagulitsa nkhuku zake kuti akwere basi adzandione,
ndinamugenda ndi kapu.
Ndipo usiku wina, masiku asanakwane,
ndinadzuka ndekha kuti ndionetse kuti ndine mwamuna.
Taona mmene ndimayendera lero:
mwendo wina umafika, wina umabwera pambuyo ukupepesa.

N'chifukwa chake usiku ndimayala thumba pakhomo pako.
Ndimakuuza mtengo wa mbatata pamsika,
amene wakwatira ku Domwe, amene wathawa ngongole,
chilichonse, bola mawu akhale apansi.
Ndimakukanda m'khosi ndi chitsononkho
mpaka mlomo wako wam'munsi ulendewere,
mpweya wako wofunda undilowe m'kolala.
Nthawi zina umagona.
Nthawi zina umangoima, diso pa kampata ka malata
komwe kumaonekera nyenyezi imodzi,
ndipo sindikhala ndi chokuuza.

Bala ndimalitsuka tambala asanalire kachiwiri.
Ndimalinunkhiza.
Ndimaika kuseri kwa dzanja langa pa bondo lako
kufunafuna moto womwe sindifuna kuupeza.

Lero timizere takwana makumi anayi ndi tiwiri.
Dotolo wagwira mwendo, waupinda, wauwongola,
wakhala chete kanthawi kotalika ngati mwezi.
"Mapazi khumi. Pachingwe. Kenako abwerere."

Chitseko chatseguka.
Dzuwa lakumenya m'maso, mphuno zatutumuka,
khungu lako lakungika ngati ng'oma yowamba kumene.
Liwiro lonse lomwe wasunga masabata onsewa
ndikulimva likukwera m'chingwe,
kudzera m'chikhatho, mpaka paphewa pomwe unaluma paja.
Dambo lili apo, poteropo,
anzako aweramutsa mitu.

Pang'onopang'ono, mwana wanga.
Dambo silisamuka.

Limodzi.
Awiri.
Iwe ukutsimphinira kumanzere, ine kumanja,
zithunzithunzi zathu zikugundana pafumbi
ngati anthu ochokera kumowa.
Mbuzi ija ikutitsatira, palibe waiitana.

Asanu ndi atatu.
Asanu ndi anayi.
Waima, khosi lasomphokera kumene kukuchokera mphepo.
Dotolo akulemba zake m'kabuku, sakutiona.

Asanu ndi anayi, ndabwereza motsitsa mawu,
ndipo taponda lina.
Asanu ndi anayi.